Galasi la Mng'ono Wanga ndi Chipewa Chake

Anzanga, ndikudziwa kuti ena mwa inu mwamva kale zidutswa za nkhaniyi kwa mkazi wanga, ndipo iyeyo akamaikamba amathira mchere wochuluka, mpaka amaimirira kuonetsa mmene ndinkayendera. Ndiye bola ndiikambe ndekha mwini wake, kuyambira pachiyambi. Manyazi ndinawamaliza tsiku lomwelo, lero ndilibenso choti ndibise.

Inu mumandidziwa, ndine Yotamu wokonza mafoni ndi ma TV pa City Market. Chimene ena simudziwa n'chakuti kwathu tinabadwa atatu: mlongo wathu Ailedi, amene anamwalira n'kutisiyira mwana wake wamkazi Tisa, kenako ine, kenako mng'ono wanga Dalitso. Dalitso ameneyu ndi amene abale onse amamutchula kuti ba Dokota. Si dokotala wa jakisoni ayi, mutamupatsa mwana wotentha thupi angamuyang'ane ngati mmene tingamuyang'anire ine ndi inu. Ndi dokotala wa mabuku. Anapita kunja kukaphunzira kusakaniza pulasitiki ndi zamadzimadzi zija zimakhala m'sikirini ya foni, zimene iwo amati likwidi kirisito, ndipo anabwerako ndi magalasi a m'maso, ntchito ya ku yunivesite ndi nyumba ku Kabulonga, kumayadi kwa anthu olemera.

Ndinene mosabisa, ndimam'chitira nsanje, ndipo sindinayambe dzulo. Amene anam'phunzitsa kulumikiza babu ku batire, ali ndi mamina mpaka pachibwano, ndine. Masikirini amene ndatsegula ndi manja awiriwa, iye sadzawakwanitsa ngakhale atabadwa kawiri. Koma tikakumana pamaliro kapena paukwati, mpando wa mikono amaupereka kwa iye, ine amandifunsa ngati ndabwera ndi chaja. Kodi inu zoterezi sizingakupwetekeni?

Tsono Tisa anapeza womufunsira, mnyamata wa ku Kitwe, ndipo a kwawo anatumiza mawu kuti abwera Loweruka lina, pakatha masabata atatu, kudzadzionetsa. Apa mtima wanga unakhala m'malo, chifukwa pankhani ya mbumba digiri sigwira ntchito. Malume wamkulu ndine. Wolandira alendo, wowafunsa kumene achokera ndi chimene adzera, wonena kuti tavomera kapena yambani mwabwerera, ndine. Tisa yemwe anabwera kwathu ku Chilenje, nagwada pambali pa mpando wanga n'kunena kuti, "Amalume, ndimwe muzanikambila, ka? Sinifuna wina." Ndinamuuza kuti agone tulo, nkhani ili m'manja mwa mwini wake. Masabata atatu ndinakhala ndikukonza mawu, kuwathira miyambi, kuwabwereza m'minibasi popita ndi pobwera, mpaka tsiku lina kondakitala anandifunsa ngati ndikupemphera.

Cholinga changa chinali chabwinobwino. Kupita, kum'lankhulira mwana wa mlongo wanga monga ndinalonjezera, kuti banja lonse lione kamodzi kokha kuti pali zina zimene Yotamu amatha ndipo Dalitso sangathe, basi n'kubwerera kwathu.

Chinayamba kundibaya ndi malo. Amayi aang'ono a Esinati a ku Chelstone, mng'ono wawo wa malemu amayi athu, anali nesi wamkulu mpaka anapuma, ndipo banja lathu amaliyendetsa ngati wodi ya m'chipatala. Iwowa anagamula kuti alendo akalandiridwe kwa Dalitso, ati kwathu pabalaza m'pothina. Lachisanu Dalitso anaimba foni, "Akulu, mawa ndibwere ndidzakutengeni pamodzi ndi alamu?" Mkazi wanga, amake Limbi, anavomera nthawi yomweyo, ndipo m'mawa mwake ananyamuka pa galimoto atakhala kutsogolo. Ine ndinakana. Ndinati mwini mbumba sanyamulidwa ngati thumba la makala.

Ndiye ndinavala suti yanga ya bulauni, tayi, ndi nsapato zatsopano zimene zinali zisanazolowerane ndi phazi, n'kukwera minibasi ziwiri pa dzuwa la Okutobala. Mukudziwa inu kuti ku Kabulonga minibasi imakutsitsa pamsewu waukulu, kotsalako umaponda wekha, mipanda yokhayokha, popanda ngakhale kantemba koti ugule madzi. Pofika pageti shati inali itamatirira kumsana, zala za kumapazi zikulira. Chimene chinanditonthoza n'chakuti malaiti anali atapita kuyambira m'mawa. Ndinati ehe, kani kunonso amawadulira ngati ife.

Nditalowa pabalaza ndinapeza abale ataunjikana mbali imodzi, osandiona n'komwe. Mbali imeneyo khoma lonse linali galasi, kuchokera pansi mpaka kudenga, loyera ngati mkaka, losaonetsa kanthu kuseri. Dalitso anali atangoliika mwezi womwewo kuti lilekanitse balaza ndi chipinda chake chowerengeramo, ndipo ndinamupeza ali pakati pofotokoza, akukankhira magalasi ake m'mwamba ndi chala monga amachitira.

"Pakati pa magalasi awiriwa pali kapepala ka pulasitiki," iye anatero. "M'kapepalamo muli timadontho tambirimbiri ta likwidi kirisito, tosaoneka ndi maso, ndipo m'kadontho kalikonse muli tinthu totalika ngati timbewu ta mpunga. Popanda magetsi, kadontho aka kaloza uku, ako kaloza uko, ndiye kuwala kukafika kumangomwazika, n'chifukwa chake mukuona zoyera. Mukalowetsa magetsi tonse timafola kuloza kumodzi, kuwala kumadutsa, galasi limaonekera ngati la pawindo. Ntchito yanga kunja kuja inali kufufuza kasakanizidwe kake, kuti timadonthoti tizimvera ngakhale magetsi ali ochepa."

Abale anati aa, ena anagwira pakamwa. Amayi aang'ono anagwedeza mutu monyadira, "Mwana wa akulu anga ameneyu." Ngati kuti ine ndinabadwa kwa aneba. Zaka zonse zija kunja, kukaphunzira kufoletsa madontho?

"Tayatsani tione," ndinatero ndili kumbuyo.

"Mwafika akulu? Pepani, malaiti kulibe. Sola ndinalumikiza ku filiji ndi ku pampu ya madzi chabe. Galasili sindinavutike nalo, poti magetsi akapita limangokhala loyera chonchi."

Apa ndiye satana anandilowa. Ndinadutsa pakati pa anthu, kufika kutsogolo, n'kugogoda galasi ndi chala. Ndinati abale anga, ine likwidi kirisito ndimaigwira tsiku ndi tsiku. Foni ikagwa pansi, chimene chimayenderera m'sikirini muja n'chakuda ngati inki. Sikirini ikazima imada, siiyera. Ili ndi galasi la m'bafa, kutauni aliko ambirimbiri, ndipo silidzaonekera ngakhale mutalilumikiza ku damu la magetsi la Kariba kwenikweniko. Dalitso anayamba kunena kuti m'foni muli timapepala tina tosefa kuwala, ndi timene timadetsa, koma ine sindinamulole kuti amalize. Ndinatulutsa hanki, kuilavulira pang'ono, n'kupukuta pagalasipo kuti anthu aone utoto ukuchoka. Sunachoke. Panangotsala malo onyowa, ndipo mkazi wa Dalitso anawayang'ana nthawi yaitali.

Amake Limbi ananditsina pachigongono. "Imwe atate ake Limbi, nkhalani chabe zii. Mwabwelela galasi olo mwana?"

Ndisanayankhe, galimoto inalira kugeti. Amayi aang'ono anaomba m'manja kamodzi, aliyense n'kupeza pokhala. Kenako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iwe Yotamu, mwini mbumba sapezeka atakhala kale pampando ngati wogulitsa tomato. Lowa umo, ukapukute thukutalo. Alendo akakhazikika tituma munthu adzakuitane, ulowe mwaulemu wako."

Umo mmene ankanenamo munali m'chipinda chowerengeramo chija, kuseri kwa galasi. Khomo lake lili chakumbuyo, ndiye ndinazungulira, kulowa, n'kutseka chitseko.

Anzanga, chipindacho. Mabuku mpaka kudenga, mpando wachikopa wozungulira, tebulo lalikulu kuposa shopu yanga yonse, masatifiketi atatu m'mafelemu. Pambali pa chitseko panali maswichi atatu. Ndinati tiyeni tione bodza lija. Ndinadina yoyamba, zii. Yachiwiri, zii. Yachitatu, zii, galasi lili chiyerere. Ndinaseka ndekha. Ndipo apa mundimvetse bwino, chifukwa inunso mumachita zomwezi. Ife a ku Chilenje malaiti akapita sitizimitsa maswichi, timawasiya oyatsa dala kuti akabwera tidziwe msanga, tithamangire kuchaja mafoni ndi kusita. Dzanja langa linachita zimene linazolowera, onse atatu ndinawasiya choncho.

Kunja ndinkamva alendo akupereka moni m'chilankhulo chawo chapansipansi, "Mwapoleni mukwai," kuomba m'manja, mipando kukhwekhwerezedwa. Malonje a anthu a ku Kopala, chigawo chimene kuli Kitwe, mukuwadziwa, satha msanga. M'chipindamo munkatentha zoti munthu n'kupsa. Ndinavula jekete. Ndinaona kuti shati yanyowa moti sindingaonekere nayo pamaso pa apongozi, ndiye ndinaivulanso n'kuiyanika pampando, ndi tayi yemwe. Nsapato zinali zitandimaliza, nazonso ndinazikankhira pansi pa tebulo. Ndinatsala ndi buluku, masokosi ndi vesiti ija amake Limbi akhala akundiuza kuti tiisandutse chokolopera. Ndikanaopa chiyani? Galasi la m'bafa limabisa munthu wosamba, nanji ine wovala vesiti.

Ndikanangokhala pansi n'kudikira, lero bwenzi ndilibe nkhani. Koma nsanje siikhazika munthu pansi. Ndinayamba kuyendayenda, kuwerenga mitu ya mabuku imene sindinkaimva, kuzungulira pampando wachikopa uja, kutsegula madirowa. Pakona panali kabati yaitali, ndinaitsegula. M'menemo munapachikidwa mkanjo wake wa udokotala, wofiira, wa mizere yagolide m'mikono, ndipo pamwamba pake panali chipewa chija chakuda chofewa, chozungulira ngati chitumbuwa, cha kachingwe kolendewera.

Mkanjo umenewu ndinkangouona pachithunzi, chimene amayi aang'ono anachipachika pabalaza pawo ku Chelstone, pamwamba pa chithunzi cha ukwati wanga. Ndinaugwira. Nsalu yolemera, yozizira bwino m'manja. Ndinati ndingoyesa chipewa chokha, kamodzi, n'kubwezeretsa. Ndinadziyang'ana pagalasi la felemu ya satifiketi, ndipo anzanga, ndinaona munthu. Koma chipewa pamwamba pa vesiti chinkaoneka chamasiye, ndiye ndinavalanso mkanjo. Unandifika m'akakolo ngati anasokera ine.

Ndinayamba ndi mawu anga aja ndinakonzekera, dzanja limodzi pachifuwa. "Alendo athu, mwana amene mwadzerayu si nkhuku yoti mungoloza n'kunyamula. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Anatuluka bwino mu mkanjomo kuposa m'minibasi. Ndikanalekera pomwepo, koma patebulo panali magalasi akale a Dalitso. Ndinawaika pamphuno. Amphamvu, anzanga, chipinda chonse chinasanduka chifunga, dzanja langa lomwe ndinkaliona ngati lili m'madzi. Ndipo ndinayamba kum'tsanzira. Kayendedwe kake kaja ka manja kumbuyo, khosi patsogolo. Kukankhira magalasi m'mwamba ndi chala. Kukhosomola pang'ono asanalankhule. "Timadontho, timadontho, tafolani." Ndinkaguba kuchokera kukabati mpaka kuchitseko, kutembenuka ngati msilikali, kulamula madontho ndi chala, kuwerama kulandira m'manja mwa anthu amene kunalibe.

Ndili pakati pa zimenezi babu yakudenga inayaka, fani n'kuyamba kuzungulira. Malaiti abwera. Ndinakondwa kwambiri, ndinati shati iuma msanga tsopano. Za galasi sindinaganize n'komwe, nanga si ndinali nditagamula kale kuti ndi la m'bafa? Mphepo ya fani inkaulutsa mkanjo bwino, ndiye ndinaimirira pansi pake, kutambasula mikono, kuzungulira kawiri, n'kupitiriza kuguba. Ndinazindikira kuti pabalaza pangoti zii, malonje aleka. Ndinati ayamba pemphero, ndipo ndinachepetsako mawu kuti ndisawasokoneze.

Pambuyo pake amake Limbi anandiuza kuti galasi litangoonekera Dalitso anadzuka kuti athamangire kuchipindako, koma amayi aang'ono anamugwira pamkono n'kunena kuti, "Musiye amalize." Akuti ndinatenga nthawi yokwanira kuimba nyimbo ya m'buku ndime zonse, ndi kolasi yomwe.

Chotsala chinali chithunzi. Munthu ungavale zoterezi osadzijambula? Ndinatulutsa foni, kupereka msana kugalasi, kutsitsa magalasi a Dalitso kunsonga ya mphuno kuti ndione sikirini, n'kutambasula mkono. Ndinatulutsa milomo monga amachitira iye akamaganiza. Pasikirini ndinaona ine, chipewa, mkanjo. Kuseri kwa phewa langa ndinaona nkhope ya amayi aang'ono a Esinati. Pambali pawo amake Limbi atagwira kumutu ndi manja onse awiri. Chakumanzere, azibambo anayi a masuti amene sindinawaonepo chibadwire.

Mukudziwa chimene ndinaganiza? Ndinaganiza kuti foni yasokonekera, yasakaniza chithunzi chakale ndi chatsopano. Ndinaigogoda pachikhatho kawiri monga timachitira kumsika. Amayi aang'ono a m'sikirinimo anapinda manja pachifuwa.

Ndinatembenuka pang'onopang'ono. Khoma lija panalibe. Ndikuti panalibe, anzanga, galasi linali litaonekera moti ukanatha kuwerenga nyuzi ili mbali inayo. Timadontho tinali titafola. Balaza lonse linali patsogolo panga, abale ndi alendo, maso onse pa ine.

Ba shibukombe, mkhalapakati wa alendowo, bambo wachikulire wa imvi, anasokonezeka. Anali atauzidwa kuti malume wamkulu alowa mwaulemu wake, ndiye poona ndatembenuka n'kuwayang'ana anaganiza kuti mwina ulemu wake ndi umenewu, kuti ife a kum'mawa timatero. Anatsika pampando, kugwada, n'kuyamba kuomba m'manja. Anzake atatu anamutsatira. Ine poona akuluakulu agwada thupi linachita lokha, ndinawerama kuwayankha, chipewa n'kugwa pansi.

Ndinathamangira kumaswichi. Magalasi a Dalitso anali atabwerera m'maso, ndiye m'malo mwa maswichi atatu ndinkaona asanu ndi imodzi. Ndinadina ina, fani inazima. Ndinadina ina, fani inayakanso. Ndinamenya onse ndi chikhatho, galasi linayera. Ndinati zikomo Ambuye, n'kuyamba kuvula mkanjo chodutsira kumutu, kuiwala kuti ndinali nditaukola kangowe pakhosi. Unandigwira pachibwano, osakwera, osatsika. Pofunafuna mpweya ndinatsamira khoma, chigongono n'kudina swichi ya galasi. Alendo amene poyamba anaona dokotala, tsopano anaona munthu wopanda mutu, mikono m'mwamba, vesiti yobooka, mimba panja, akuzungulira pamalo amodzi ndi masokosi.

Ine sindinkadziwa kuti laonekeranso, ndinali m'kati mwa nsalu. Ndinazindikira nditamva mmodzi wa alendo akulephera kudzigwira, kuseka kuja kotulukira m'mphuno, kenako mawu a amake Limbi, "Mayo ine, nafa lelo."

Chitseko chinatseguka. Ndinamva swichi ikudinidwa, kenako manja akumasula kangowe pakhosi panga modekha. Anali Dalitso. Sanaseke, sanakalipe, ndipo chimenecho ndicho sindidzamukhululukira. Akanangoti mwaona tsopano akulu, bwenzi ndinapeza pomugwira, bwenzi tinakangana ngati amuna. Iye anapinda mkanjo pamkono, kutola chipewa, kuchikuntha, n'kunena chapansipansi, "Yapakatiyo ndiyo ya galasi, akulu. Valani, ndikawauze kuti mukubwera."

Ndinavala shati ikadali yonyowa. Mapazi anali atatupa, nsapato zinalowa theka, zidendene kunja. Ndinadzilimbitsa mtima kuti mutu ukakula sulewa nkhonya, ndikalowa, ndikalankhula, miyambi yanga ikafufuta zonse. Ndili pakhomo la balaza, ndikukonza tayi, ndinamva amayi aang'ono akuuza alendo ndi mawu awo aja a m'chipatala, osakwera osatsika.

"Amene mwamuonayo ndiye malume wamkulu wa mwana, ndipo ndi amene amayenera kutilankhulira lero. Koma poti mwaona nokha kuti walankhula kale, ndipo watopa, timupumitse. Dalitso, khala apa."

Ine anandilozera kampando ka pulasitiki pafupi ndi chitseko. Ndinakhala. Dalitso analankhula mphindi ziwiri, popanda mwambi ngakhale umodzi, theka Chingerezi, ati Tisa ndi mwana wathu, timam'konda, mukam'sunge bwino. Basi. Ndipo alendo anaomba m'manja, amayi aang'ono anapukuta msozi ndi nsonga ya chitenje. Mawu anga a masabata atatu anatsala opanda potulukira. Maso anga akangokumana ndi a mlendo aliyense, iye ankayang'ana pansi, mapewa n'kuyamba kunjenjemera.

Kenako anaitana Tisa kuti adzavomere pamaso pa anthu kuti mnyamatayo akum'dziwa. Analowa atafunda chitenje, nkhope pansi, napita kukagwada pambali pa mpando wa womulankhulira monga mwa mwambo. Anadutsa pa kampando kanga osandiyang'ana, nakagwada pambali pa Dalitso. Anzanga, zonse zija zinali zoseketsa, koma apa panandipweteka zenizeni.

Alendo atapita ndinazemba kukakhala kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thanki ya madzi, nsapato m'manja. Tisa anandipeza komweko. Maso ake anali ofiira, sindinadziwe ngati n'kulira kapena kuseka, mwina zonse ziwiri.

"Amalume," anatero, "ine ninawauza apongozi kuti amalume anga akulu ni munthu waulemu, sakonda zosewela. Ambuya a Esinati enze kufuna ba Dokota kuyambila kale. Ine ninakana, ninalimbana nawo sabata yonse chifukwa cha imwe."

Ine amene ndinkati abale onse amandiona ngati wa chaja, kani panali mwana mmodzi amene ankandimenyera nkhondo ine osadziwa, ndipo ndi yemweyo ndinam'gwetsa pamaso pa apongozi ake. Ndinafunafuna mwambi woti ndimuyankhe, yonse inali itathawa. Ndinangoti pepa mwana wanga, ndalakwa.

Anapukuta m'maso ndi chitenje. Kenako pakamwa pake panayamba kugwedera.

"Manje ba shibukombe anituma kuti nikufunseni," anatero. "Akuti pa ukwati muzavala futi vija? Akuti ku Kitwe sanaonepo, afuna abwele na kamela."

Paukwati analankhulanso Dalitso, ine ndinakhala mzere wachitatu, manja pamaondo, suti yomanga mabatani onse mpaka phwando kutha. Ndipo ndinalumbira, ndikulumbiranso pano pamaso panu, kuti m'nyumba ya munthu wina sindidzakhudzanso swichi, sindidzatsegulanso kabati, ndipo galasi lililonse loyera, ngakhale la m'bafa lenileni, ndizidzaima kuseri kwake nditavala tayi. Koma mukandifunsa ngati nsanje inatha, ndinganame. Foni ija pogogoda inajambula, ndipo chithunzicho ndikadali nacho. Bwerani muone nokha, munene chilungamo ngati chipewacho sichikundikhala ine kuposa mwini wake.